Mfuti ndi makhoti a ku America: kodi lamulo la 1791 likuteteza ndani lero?

Tiyamike (Texas): Abale anga, pepani ndabwera ndi nkhani yolemera usiku uno. Mwana wanga wa zaka 7 dzulo pobwera kusukulu amandiuza kuti awaphunzitsa zochita kukabwera munthu wa mfuti. Kuzimitsa magetsi, kukhoma chitseko, kukhala chete kuseri kwa kabati, osalira. Amafotokoza akudya, nkhope ili bwinobwino, ngati mmene ife tinkafotokozera za kusesa pabwalo la sukulu. Tulo sindinatione. Uvalde ili m'chigawo chathu chomwe chino, ndipo pa 24 May 2022 pasukulu ya kumeneko panaphedwa ana 19 ndi aphunzitsi 2. Mnyamata amene anachita zimenezo anagula mfuti zake m'sitolo, mwalamulo, atangokwanitsa zaka 18. Inu odziwa malamulo ndithandizeni, n'chifukwa chiyani boma likangoyesa kumanga nkhaniyi makhoti amamasula?

Nabanda (Glasgow): Mayo ine achemwali. Mwana wa zaka 7 kumuphunzitsa kubisala. Mtima wandipweteka.

Kondwani (Lilongwe): Pepani mayi. Ndiyesa kufotokoza mmene ndinaphunzirira, ena andiwongolere. Gwero lake ndi chiganizo chimodzi m'malamulo oyendetsera dziko la America, chimene amachitcha Second Amendment, cha m'chaka cha 1791. Chili ndi mawu 27 basi m'Chingerezi. Chimayamba ndi kunena kuti gulu la anthu wamba lokonzekera nkhondo mwadongosolo ndi lofunika kuti dziko laufulu likhale lotetezeka, kenako chimati ufulu wa anthu wosunga ndi kunyamula zida usaphwanyidwe. Mkangano wonse wagona pa mbali ziwirizi. Kodi ufuluwo ndi wa gulu lija, kapena ndi wa munthu aliyense payekha?

Kondwani (Lilongwe): Kwa zaka zambiri makhoti ankautenga ngati ufulu wokhudza gulu lija. Mu 1939, pa mlandu wa Miller, Supreme Court, khoti lalikulu kwambiri la ku America, inakana kuteteza anthu amene anagwidwa ndi mfuti yodula mpope, ponena kuti palibe umboni woti mfuti yotere ikukhudzana ndi ntchito ya gululo. Ngakhale Warren Burger, amene anakhalapo mkulu wa majaji onse ndipo anamuika pampando ndi pulezidenti Richard Nixon, ananena pa TV mu 1991, atapuma kale ntchito, kuti zomati ndimeyi imapereka ufulu kwa munthu aliyense ndi chinyengo chimene anthu a ku America anachitiridwa. Zinthu zinatembenuka mu 2008.

Bambo Chisale (Indiana): Heller.

Kondwani (Lilongwe): Eya bambo, Heller. Dick Heller anali mlonda wa nyumba ina ya maofesi a boma ku Washington. Kuntchito ankanyamula mfuti tsiku ndi tsiku, koma atapempha chilolezo chosunga mfuti yaing'ono yam'manja kunyumba kwake anamukaniza, poti mzindawo unaletsa mfuti zotere kuyambira 1976. Majaji 5 anamuvomera, 4 anakana. Jaji Antonin Scalia ndi amene analemba chigamulo, chakuti munthu ali ndi ufulu wosunga mfuti m'nyumba mwake podziteteza, kaya ali m'gulu lankhondo kaya ayi. Koma Scalia yemweyo analembanso kuti ufuluwu uli ndi malire, boma lingathe kuletsa anthu amene anapezeka olakwa pa milandu ikuluikulu, odwala misala, komanso kuletsa mfuti m'masukulu ndi m'nyumba za boma. Mu 2010 mlandu wa McDonald unafalitsa ufuluwu ku zigawo zonse ndi mizinda yonse, majaji 5 kwa 4 kachiwiri.

Bambo Chisale (Indiana): A Kondwani, musadumphe dzina limenelo mwachangu chomwecho. Otis McDonald anali munthu wakuda ngati ife, mkulu wa zaka za m'ma 70, wopuma pantchito, wokhala ku Chicago. Akuba anamuthyolera nyumba kangapo, ogulitsa mankhwala ozunguza bongo ali pakhomo pomwepo. Anyamatawo anali ndi mfuti zawo, lamulo la mzinda silinkawakhudza, linkangomanga manja a mkuluyu. Ine mfuti ndili nayo, sindibisa. Ndimayendetsa thiraki, ndimachoka pakhomo masiku anayi kapena asanu, ndipo kumene ndimakhala apolisi safika msanga. Ku Uvalde komweko mayi Tiyamike, apolisi analipo pafupifupi 400, ndipo anadikira mphindi 77 asanalowe m'kalasimo. Ndiye wina azindiuza kuti siyani zonse m'manja mwa apolisi?

Tiyamike (Texas): Bambo Chisale, za apolisi aja ndikuvomerezana nanu, anachita zamanyazi. Koma taganizani chimene chinawaimitsa panja. Ankaopa mfuti imene mnyamatayo anali nayo. Apolisi 400 kuopa mfuti imene mwana wa zaka 18 anaigula ngati akugula njinga.

Madalitso (Joni): Apa ndiye mwalasa achemwali.

Kondwani (Lilongwe): Tsono funso lanu lenileni mayi likuyankhidwa ndi mlandu wa 2022, wa Bruen. Chigamulo chinatuluka pa 23 June, patangotha mwezi umodzi ana a ku Uvalde ataphedwa. New York inali ndi lamulo la zaka zoposa 100 lakuti wofuna kuyenda ndi mfuti mumsewu asonyeze chifukwa chapadera, kungonena kuti ndikuopa akuba sikunali kokwanira. Majaji 6 kwa 3 analithetsa. Koma chachikulu sichinali chimenecho. Jaji Clarence Thomas, amene analemba chigamulocho, anasintha muyezo wonse woweruzira milandu ya mfuti. Kale jaji ankafunsa kuti lamulo ili likuteteza miyoyo ingati, ndipo likumulanda munthu ufulu wochuluka bwanji, n'kuyeza ziwirizo. Thomas anati zoyezayeza zithe. Boma likafuna kuti lamulo lake liime, lisonyeze kuti likugwirizana ndi mbiri ndi mwambo wa dzikolo, kutanthauza kuti lipeze lamulo lofanana nalo la nthawi ya makolo awo, cha m'ma 1791, mwinanso cha m'ma 1868.

Nabanda (Glasgow): Dikirani a Kondwani. Mukutanthauza kuti dokotala atabwera ndi chiwerengero cha ana amene afa, jaji sayenera kuchiyang'ana?

Kondwani (Lilongwe): Pa muyezo wa Bruen chiwerengerocho si chimene chimagamula mlandu. Jaji Stephen Breyer potsutsa chigamulocho anayamba ndi ziwerengero za anthu ophedwa ndi mfuti, ndipo Jaji Samuel Alito anamuyankha kuti zimenezo sizikukhudzana ndi funso limene linali pamaso pa khoti.

Bambo Mbewe (Kasungu): Ana inu, ndalowa mochedwa koma ndawerenga zonse. Mfuti ya 1791 ndi gogodela. Agogo anga anali nayo yosakira nyama. Umathira wonga, kusinja ndi kamtengo, kuika chipolopolo, kuwomba kamodzi, kenako kuyambiranso. Nguluwe ukaiphonya mpata unalibe. Anthu amene ankalemba malamulo nthawi imeneyo sakanaletsa chinthu chimene sanachionepo. Ndiye jaji wa lero akafufuza m'mabuku awo osapezamo choletsa, akuti makolo analoleza? Sanaloleze, sanalidziwe vutolo.

Kondwani (Lilongwe): Bambo Mbewe, zimene mwanenazo majaji ena a makhoti aang'ono anadandaula nazo poyera. Jaji Carlton Reeves wa ku Mississippi analemba kuti majaji sanaphunzire ntchito yofufuza mbiri, mpaka anafunsa maloya ngati khoti lingalembe katswiri wa mbiri yakale kuti alithandize. Ku West Virginia jaji wina mu 2022 anagamula kuti lamulo loletsa kukhala ndi mfuti yofufutidwa nambala ndi losemphana ndi Second Amendment, poti mu 1791 lamulo la manambala kunalibe. Khoti la apilo linadzabweza chigamulo chimenecho. Koma mlandu umene unagwedeza anthu ndi wa Rahimi, ndipo unachokera ku Texas kwanu komweko mayi.

Tiyamike (Texas): Dzinali ndinalimvapo pa wailesi. Tafotokozani.

Kondwani (Lilongwe): Zackey Rahimi anamenya chibwenzi chake, mayi wa mwana wake, pamalo oimika magalimoto, n'kumukokera m'galimoto. Ataona kuti wina akuonerera anatulutsa mfuti n'kuwomba. Mu February 2020 khoti linapereka chiletso kuti asayandikire mayiyo, ndipo lamulo la dziko lonse la 1994 limati munthu wokhala ndi chiletso chotere asakhale ndi mfuti. Iye sanamvere. Pakati pa December 2020 ndi January 2021 anawombera maulendo asanu m'malo osiyanasiyana, ulendo wina anawombera m'mwamba pamalo odyera chifukwa khadi ya ku banki ya mnzake inakanidwa. Apolisi atapeza mfuti m'nyumba mwake anamuzenga mlandu. Ndiye mu 2023 khoti la apilo la Fifth Circuit linati lamulo la 1994 lija ndi losavomerezeka, chifukwa m'mbiri simukupezeka lamulo lolanda mfuti mwamuna womenya mkazi.

Nabanda (Glasgow): Likanapezeka bwanji? Nthawi imeneyo mkazi analibe voti, katundu wake anali m'manja mwa mwamuna, akamenyedwa ankati ndi za m'banja. Ndiye moyo wa mkazi wa lero uziyezedwa ndi malamulo a anthu amene sankamuwerengera n'komwe? Izi zandikwiyitsa kwambiri.

Kondwani (Lilongwe): Supreme Court inabweza chigamulocho pa 21 June 2024, majaji 8 kwa 1. Mkulu wa majaji John Roberts analemba kuti makhoti aang'ono anamva molakwa, sipafunika kupeza lamulo lakale lofanana ndendende, bola mfundo yake ikhale imodzi. Anatchula malamulo akale okakamiza munthu woopseza anzake kupereka chikole cha mtendere, ndi ena olanga oyenda ndi zida moopseza anthu. Amene anatsutsa yekha ndi Thomas, mwini wake wa muyezo wa Bruen. Iye anati palibe lamulo lakale ngakhale limodzi lofanana ndi la 1994.

Madalitso (Joni): Ndiye wolemba muyezo akuti muyezo wanga ukunena chakuti, anzake 8 akuti ayi ukunena china. Jaji wa khoti laling'ono atsatire ndani?

Kondwani (Lilongwe): Atsatire 8 aja achimwene, koma funso lanu ndi limene maloya akulimbana nalo mpaka lero. Kufanana kokwanira ndi kotani? Jaji wina aona kuti zikufanana, wina aona kuti ayi, malinga ndi buku la mbiri limene watsegula. Ine maganizo anga ndi akuti Rahimi inapulumutsa lamulo limodzi koma sinachize nthendayo.

Bambo Chisale (Indiana): Za Rahimi palibe mkangano, munthu wotero asakhudze mfuti. Koma ndikufuna mumve mbali imene simukuitchula. Malamulo oletsa mfuti kuno kawirikawiri ankayamba ndi munthu wakuda. Ukapolo utatha, zigawo za kummwera zinaika malamulo oletsa anthu omasulidwa kukhala ndi mfuti, kuti magulu a azungu akabwera usiku asapeze wowabweza. Mu 1967 a Black Panther, gulu lomenyera ufulu wa anthu akuda, atayamba kuyenda ndi mfuti poyera ku California, lamulo loletsa linadutsa mwamsanga, ndipo analisainira ndi Ronald Reagan, bwanamkubwa wa California nthawi imeneyo. Pa mlandu wa Bruen womwewo, maloya oimira anthu osauka ku New York, ambiri a iwo oimira anthu akuda, analembera khoti kupempha kuti lamulolo lithe, chifukwa amene ankamangidwa nalo anali anyamata akuda ndi a mitundu yolankhula Chisipanishi, pamene olemera ndi odziwika ziphaso ankazipeza. Mukapatsa wapolisi mphamvu yosankha woyenera ndi wosayenera, mukudziwa amene adzakanidwe.

Kondwani (Lilongwe): Zimenezo ndi zoona bambo, kalata ya maloya aja inalembedwadi. Ndipo pali chinthu chowawa apa. Popeza Bruen imafuna malamulo akale, maloya a boma nthawi zina akhala akutchula malamulo omwe aja olanda zida akapolo ndi eni nthaka a ku America, ngati umboni wakuti boma linali ndi mphamvu yolanda mfuti anthu amene linkawaona ngati oopsa. Muyezowu ukukakamiza anthu kufukula zinthu zonyansa kuti ateteze malamulo abwino.

Tiyamike (Texas): Bambo Chisale, ndikufunseni mwaulemu. Philando Castile anali ndi chiphaso. Mu 2016 ku Minnesota wapolisi atamuimitsa, iye anamuuza mwaulemu kuti ndili ndi mfuti. Anamuwombera m'galimoto momwemo, chibwenzi chake ndi kamwana ka zaka 4 akuona, ndipo wapolisiyo khoti linamupeza wosalakwa. Ufulu umenewu inuyo mukaimitsidwa pamsewu usiku, mumaumva kuti ndi wanu?

Bambo Chisale (Indiana): Mayi, mwandifunsa funso limene ndimadzifunsa ndekha. Ayi, sindiumva kuti ndi wanga mofanana ndi mzungu. Ndikaimitsidwa manja ndimaika pa chiwongolero, sindigwedezeka. Koma kundilanda sikungandisandutse wotetezeka.

Tiyamike (Texas): Ndine namwino, ndipo chimene ndimaona ine si akuba. Mu 2021 anthu 48,830 anafa ndi mfuti m'dziko muno, malinga ndi bungwe la boma la zaumoyo la CDC, ndipo oposa theka anadzipha okha. Amene amwa mankhwala nthawi zambiri timawapulumutsa, pakapita sabata amalira n'kunena kuti sindinkafuna kufa. Wa mfuti safika n'komwe m'wodi mwathu. Ndinasamalirapo mnyamata amene anapeza mfuti ya bambo ake m'dirowa, sindinena zambiri. Mfuti ija inagulidwa kuti iteteze banja lomwelo. Kuno ku Texas kuyambira September 2021 munthu wa zaka 21 angathe kuyenda ndi mfuti yam'manja popanda chiphaso, popanda maphunziro alionse. Ine kuti ndibaye munthu jakisoni ndinalemba mayeso kangati?

Bambo Chisale (Indiana): Ku Indiana nakonso chiphaso anachotsa mu July 2022. Chimenecho ngakhale ine sindinagwirizane nacho. Laisensi ya thiraki ndinaivutikira miyezi.

Madalitso (Joni): Kuno ku South Africa zili mosiyana. Lamulo la mfuti la 2000 limafuna kuti uyambe wapeza satifiketi yosonyeza kuti ndiwe woyenera, kenako laisensi ya mfuti iliyonse payokha, ndipo ya kudziteteza imatha pa zaka 5, umakapemphanso. Mu 2018 Constitutional Court, khoti lalikulu kwambiri la kuno, inanena mosapsatira kuti kukhala ndi mfuti si ufulu wachibadwidwe, ndi mwayi umene lamulo limapereka. Koma ndisakunamizeni kuti tili pamtendere. Usiku kulokeshoni mfuti zimalira ngati zikondwerero. Mkulu wina wa apolisi, Christiaan Prinsloo, anagamulidwa zaka 18 mu 2016 chifukwa chogulitsa mfuti zoposa 2,000 zimene zinayenera kuphwanyidwa, ndipo zinakathera m'manja mwa magulu a zigawenga ku Cape Town. Lamulo labwino papepala, wolisunga ndi amene akugulitsa. Ndiye a Chisale ndimawamvetsa pang'ono.

Nabanda (Glasgow): Kuno ku Scotland anthu saiwala Dunblane. Pa 13 March 1996 munthu analowa pasukulu ya pulayimale n'kupha ana 16 ndi mphunzitsi wawo, ndi mfuti zimene anali nazo mwalamulo. Makolo anasonkhanitsa masaini, ndipo pofika kumapeto kwa 1997 nyumba ya malamulo inali italetsa pafupifupi mfuti zonse zam'manja. Panalibe khoti loti liimitse. Ku America ana 20 anaphedwa pasukulu ya Sandy Hook mu 2012, lamulo lofuna kufufuza ogula mfuti linakagwa ku Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo, chaka chotsatira.

Kondwani (Lilongwe): Mwakhudza mfundo yofunika mayi Nabanda. Tisaike zonse pamutu pa makhoti. Malamulo ambiri amafera ku Congress, nyumba ya malamulo ya ku America, asanafike n'komwe kwa jaji. Lamulo loletsa mfuti zamtundu wankhondo linalipo kuyambira 1994, linatha lokha mu 2004 aphungu osaliwonjezera nthawi, si khoti linalithetsa. Pambuyo pa Uvalde anadutsitsa lamulo lina limene pulezidenti wa nthawiyo Joe Biden anasainira pa 25 June 2022, lowonjezera kafukufuku kwa ogula osakwana zaka 21. Ndipo si milandu yonse imene boma limagonja. Mu March 2025 Supreme Court inavomereza, 7 kwa 2, kuti zida zogula m'zidutswa n'kukalumikiza kunyumba kukhala mfuti zizikhala ndi manambala ndipo ogula azifufuzidwa. Koma mu 2024 inathetsa chiletso cha kachipangizo kothamangitsa kuwomba kotchedwa bump stock, kamene anagwiritsa ntchito munthu amene anapha anthu 58 usiku umodzi ku Las Vegas mu 2017. Milandu iwiriyi inali yomasulira mawu a lamulo la Congress, sinali ya Second Amendment.

Madalitso (Joni): Nanga osangochotsa ndimeyo bwanji?

Kondwani (Lilongwe): Jaji wopuma John Paul Stevens, amene anatsutsa pa Heller, anapempha zomwezo mu 2018. Koma pamafunika magawo awiri mwa atatu a nyumba zonse ziwiri za Congress, kenako zigawo 38 mwa 50 zivomereze. Mmene ndale zilili, sizingatheke posachedwa.

Bambo Mbewe (Kasungu): Ife a zaka zathu tinaona mu December 1993 asilikali akulanda zida a Payoniya, ija ankati Operation Bwezani. Tinaonanso ma AK-47 akulowa kuchokera ku Mozambique nkhondo itatha, akuba n'kuyamba kuthyola masitolo masana. Pamene ankalemba malamulo atsopano a dziko lathu mu 1994 sanaikemo ufulu wa mfuti, ndipo sindinamvepo munthu akudandaula kuti anatimana. Wofuna mfuti amakapempha kupolisi. A Chisale mwana wanga, sindikukuweruzani, dziko mukukhalalo ndi lina. Koma mukachoka masiku asanu aja, mfutiyo imakhala pati, ndipo adzukulu anga angaifike?

Bambo Chisale (Indiana): Bambo, ndikuuzani zoona. Imakhala m'dirowa ya kuchipinda, pamwamba. Mayi a kunyumba akhala akundiuza kuti ndigule bokosi lachitsulo lokhoma, ine n'kumazengereza poganiza kuti wakuba akabwera ndidzachedwa kutsegula. Wamkulu ali ndi zaka 13 tsopano. Zimene anena mayi Tiyamike za mnyamata uja zandilowa. Ndikafika Lachisanu ndikagula.

Kondwani (Lilongwe): Chinanso kwa abale amene muli ku America, chonde samalani. Lamulo la dziko lonse limaletsa munthu wopanda mapepala kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo, ndipo ngakhale amene muli pa viza ya sukulu kapena yoyendera ndinu oletsedwa, kupatula pa zifukwa zochepa monga kukhala ndi chiphaso chosakira nyama. Musaone anzanu a ku Texas akuyenda nazo n'kuganiza kuti nanunso mungathe. Ndi mlandu waukulu, ndipo ukhoza kukubwezetsani kumudzi. A Chisale ndi nzika, nkhani yawo ndi ina. Funsani loya musanaigwire.

Tiyamike (Texas): Zikomo a Kondwani, tsopano ndamva pamene pagona vuto, ngakhale mtima sunatsike. Mwanayu waitanidwa ku phwando la tsiku lobadwa la mnzake Loweruka, akagona komweko. Ndakhala ndikuchita manyazi kufunsa mayi ake ngati m'nyumbamo muli mfuti komanso ngati ndi yokhomera. Bambo Chisale, inu monga mwini mfuti, kholo litakufunsani choncho mungakhumudwe?

Bambo Chisale (Indiana): Ayi mayi, sindingakhumudwe. Funsani ndithu, ndipo mufunsenso ngati zipolopolo amasunga pena. Akakwiya ndi funso limenelo, mwanayo akadye keke abwereko madzulo omwewo.

Tiyamike (Texas): Ndiwaimbira mawa ndikaweruka. Pano ndikunyamuka, ndili ya usiku.